Chiswe sichibwera chokha: zimene ndaona m'nyumba zodyedwa ndi tizilombo

Nyumba zambiri zimene ndaonamo vuto la chiswe zimafanana pa chinthu chimodzi: penapake pali madzi amene akukhala pamalo osayenera. Mwini nyumba amakhala atathira kale mankhwala kawiri kapena katatu, wapala dothi lija pakhoma, wapakanso laimu, koma pakangotha milungu itatu chiswe chabwerera pomwe paja. Apo amayamba kunena kuti mankhwala a masiku ano ndi achinyengo. Achinyengo alipodi pamsika, sindikukana. Koma kawirikawiri wolakwa amakhala mpope wodontha kuseri kwa bafa, lata lobooka, kapena ngalande yodzala zinyalala imene ikubweza madzi ku maziko. Mukapanda kukonza zimenezo, ndalama za mankhwala mukungotaya.

Chiswe chimene chimawononga nyumba kuno kwathu chimakhala pansi pa nthaka. Thupi lake ndi lofewa ndipo limauma msanga likakhala pa dzuwa kapena pa mphepo, n'chifukwa chake chimamata dothi paliponse pamene chikudutsa. Kamzere ka dothi kamene mumaona kakukwera khoma ndi msewu chabe wopita ku chakudya. Mudzi wake, kumene kuli manthu amene amaikira mazira masauzande tsiku lililonse, ungakhale pa chulu cha kuseri kwa mpanda, mamita makumi angapo kuchokera panyumba, kapena pansi penipeni pa simenti ya pabalaza ngati nyumbayo anaimanga pa chulu chimene anangochisalaza. Mukapopera mankhwala a mu kachitini pa kamzere kaja, mwapha antchito ochepa amene anali panjira. Manthu sanamve n'komwe.

Nthawi yabwino yoyendera nyumba ndi September kapena October, mvula isanagwe, ndiponso masiku amene ngumbi zayamba kutuluka. Zida ndi zitatu basi: tochi, msomali waukulu wa 6 inchi, ndi makwerero. Yambani ndi mafelemu a zitseko, kumunsi kumene thabwa lakhudza simenti. Gogodani ndi mutu wa msomali. Thabwa labwino limayankha molimba, lodyedwa limalira ngati chikombe chopanda kanthu. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu lopyapyala la penti, moti felemu ingaoneke yatsopano koma msomali n'kulowa wonse mukangokankha ndi chala. Kenako yang'anani kuseri kwa wodirobu ndi makabati amene sanasunthidwe chaka chonse, pamene mipope ikulowa m'khoma, ndi m'makona a chipinda chosungiramo makatoni. Pomaliza kwerani m'siling'i. Anthu ambiri salowako mpaka tsiku limene denga laweramira pakati. Unikani pamene phaso lagona pa khoma, chifukwa ndi pomwe chiswe chimafikira chikakwera m'kati mwa njerwa osaonekera kunja.

Musasokoneze chiswe ndi kufumbwa. Mtengo wofumbwa umakhala ndi timabowo tozungulira ngati tobaya ndi singano yaikulu, ndipo pansi pake pamagwa ufa wosalala. Tofumbwitsa mtengo ndi tizilombo tina tokhala m'thabwa momwemo, ndipo timafa ndi mankhwala opaka pa thabwalo. Chiswe chimasiya dothi m'kati mwa mtengo, ndipo vuto lake limachokera pansi. Nazonso ngumbi muziona kumene zachokera. Zolowa pa windo potsata nyali zilibe vuto, sesani kapena kazingani. Koma mukaona zikutuluka pa mng'alu wa pansi kapena m'mbali mwa felemu m'kati mwa nyumba, dziwani kuti mudzi wa chiswe uli pansi panu ndipo ndi wokhwima.

Mukapeza kamzere ka dothi, musathamangire kupala konse. Katsatireni mpaka pamene katulukira pansi ndipo ikani chizindikiro ndi choko. Thyolani kachidutswa ka masentimita atatu pakati pake n'kukasiya masiku awiri. Mukapeza amatapo dothi latsopano lodera, msewuwo ndi wamoyo. Mukapala zonse tsiku loyamba, chiswe chimangosamukira pena ndipo inu mwataya njira yodziwira polowera pake.

Tsopano za madzi, zimene kwa ine ndi theka la ntchito yonse. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Denga la mamita 10 kwa mamita 8 likalandira mvula ya mamilimita 25, imene ingagwe masana amodzi a mu January, limatsitsa malita 2,000. Amenewo ndi migolo 10 ya malita 200, yonse ikukhuthukira m'mphepete mwa khoma. Madzi saiwala khwawa: pamene anadikha chaka chatha adzadikhanso chaka chino, ndipo nthaka ya pamenepo imakhala yonyowa ngakhale mu August. Chiswe chimafuna malo otero.

Choncho zungulirani nyumba ndi kakhonde ka konkire kotambalala masentimita 60 kapena kufika mita imodzi, kokhuthala masentimita 7 mpaka 8, kotsetsereka kuchoka ku khoma ndi masentimita awiri pa mita iliyonse. Muyezo wake ndi ndowa imodzi ya simenti, zitatu za mchenga wa kumtsinje, ndi zisanu ndi imodzi za miyala ya kwale. Tsinderani dothi bwinobwino musanathire, apo ayi kakhondeko kadzatitimira n'kusiyana ndi khoma, ndipo mpata umenewo udzakhala msewu wa madzi ndi chiswe chomwe. Kumapeto kwake kukhale ngalande yotengera madzi kutali, osachepera mamita atatu. Ngati simenti yavuta chaka chino, njerwa zootcha zoyala bwino pa dothi lotsendereka zimathandiza, bola kutsetsereka kukhale kolondola.

Pepala lakuda limene amisiri amayala pamwamba pa maziko, limene amati DPC, liyenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa dothi la kunja, ndiko kuti mizere iwiri ya njerwa. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi bedi la maluwa logunda khoma. Dothi lakwezedwa kupitirira pepala lija, akuthirira m'mawa ndi madzulo, athiramo manyowa ndi utuchi. Khoma limayamwa chinyezi, penti imatukusira ndi kusupuka m'kati, pulasitala imayamba kutuluka mchere woyera, ndipo chiswe chimalowa mobisika. Maluwa ndi okongola, koma asuntheni mita imodzi. Chimodzimodzi nkhuni, matumba a makala, matabwa otsala pomanga ndi zitsa za mitengo: zisagunde khoma. Chitsa chosiyidwa pansi pomanga nyumba chimadyetsa chiswe zaka zambiri.

Kwa amene nyumba zawo ndi za zidina, malamulo ndi omwewo koma ofunika kwambiri. Mizere yoyamba itatu kapena inayi pamwamba pa nthaka ikhale ya njerwa zootcha kapena miyala, denga lituluke masentimita 60 kunja kwa khoma, ndipo khonde lizizilidwa chaka chilichonse mvula isanayambe kuti madzi asapeze polowera.

Denga lodontha limanyowetsa mapaso, ndipo thabwa lonyowa limaola ndi kudyedwa msanga. Lowani m'siling'i masana, zimitsani tochi, muone pamene kuwala kukulowa. Nthawi zambiri kudontha kumachokera pa misomali. Msomali wa malata umakhomedwa pamwamba pa nthiti ya lata, osati m'khwawa moyenda madzi. Wokhomedwa m'khwawa uzuleni, tsekani bowolo ndi phula la malata kapena tepi ya phula yomata, n'kukhoma wina pamalo oyenera. Ngati kamphira ka pa msomali kauma ndi kung'ambika, sinthani msomali wonse. Malata alumikizane nthiti imodzi ndi theka m'mbali, ndi masentimita 15 mpaka 20 kumutu. Amisiri ena amachepetsa kuti malata akwanire, ndipo mvula ya mphepo imakankhira madzi m'kati. Pogula kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 32.

Ming'alu ya pansi ndi ya pakhoma musangoipaka simenti pamwamba, imasweka pomwepo pakatha mwezi. Ikulitseni ndi tchizulo kuti kukamwa kwake kufike masentimita awiri, sesani fumbi lonse, nyowetsani, kenako dzazani ndi matope a thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 ku mawilibala awiri a mchenga. Thirirani madzi masiku 7. Simenti youma mofulumira imakhala yofumbutuka, ndipo kusathirira ndi kumene kumawononga ntchito zambiri zazing'ono za pakhomo. Pali mng'alu wina umene simuyenera kuukonza nokha: woyenda mopingasa kuchokera pa kona ya windo kapena chitseko, wodula njerwa zenizeni, wolowa pensulo. Lembani mzere kumapeto kwake ndi deti. Ukapitirira mzerewo pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, maziko akusuntha. Izi zimachitika kwambiri pa dothi la makande ndi m'madambo, pamene nthaka imafufuma nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe. Pamenepo pafunika mmisiri wodziwa za maziko.

Madzi akakonzedwa, ndiye tikambe za mankhwala. Cholinga ndi kuika mpanda wa mankhwala m'nthaka, pakati pa chiswe ndi nyumba. Kumbani kangalande kogunda maziko kuzungulira nyumba yonse, masentimita 15 m'lifupi ndi 30 kuya. Sungunulani mankhwala ndendende monga palembedwera pa botolo, chifukwa mphamvu zake zimasiyana kampani ndi kampani. Thirani malita 5 a madzi osakanizawo pa mita iliyonse ya ngalande: theka pansi, theka linalo pa dothi limene mukubwezera pang'onopang'ono. Nyumba ya mamita 10 kwa 8 ili ndi mamita 36 kuzungulira, choncho ifuna malita 180. Munthu akabwera ndi sipuleya imodzi ya malita 16 n'kunena kuti wamaliza nyumba yonse, sanagwire ntchito. Pamene pali konkire kale, amaboola mabowo otalikirana masentimita 30 m'mphepete mwa khoma, kuthiramo mankhwala, n'kutseka ndi simenti. Amene mukumanga kumene muli ndi mwayi: thirani malita 5 pa sikweya mita iliyonse ya dothi lotsendereka musanayale pepala ndi konkire. Ndi zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kusintha denga.

Werengani dzina la mankhwala enieni amene ali m'botolo, lolembedwa ndi zilembo zazing'ono pansi pa dzina la malonda. A fipronil ndi imidacloprid chiswe sichiwazindikira, chimadutsamo n'kukapakana ndi anzake kumudzi, moti amapha mochedwa koma mozama. Musakhumudwe mukaona chiswe chikuyendabe sabata yoyamba. A bifenthrin ndi ena a gulu lake amachithamangitsa, ndipo mukasiya kampata kosathira chidzakapeza. Akuluakulu amakumbukira dieldrin ndi aldrin amene ankakhala m'nthaka zaka zambiri. Amenewo analetsedwa pa mgwirizano wa mayiko wa ku Stockholm wa 2001 chifukwa cha kukhalitsa komweko, ndipo wokugulitsani botolo lopanda chizindikiro n'kumati ndi omwe aja mukaneni. Ku Malawi mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, choncho gulani m'sitolo ya zaulimi, botolo lotseka, lokhala ndi malangizo ndi deti yothera mphamvu. Musathire mvula ikuopseza, kapena pafupi ndi chitsime ndi damu la nsomba. Valani magolovesi a mphira, nsapato zotseka ndi chophimba kumphuno, ndipo nkhuku ndi ana atalikire mpaka dothi litakwiriridwa.

Kukumba chulu n'kuchotsa manthu kumathandiza ngati chiswe cha pa chulucho ndi chimenedi chikudya nyumba yanu, koma nthawi zina chiswe chotsala chimalera manthu wina. Ine ndimakuona ngati kuwonjezera, osati kulowa m'malo mwa ngalande ija.

Thabwa lodyedwa kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwake lichotseni, makamaka ngati ndi la denga. Latsopano lipakeni mankhwala otetezera matabwa monga Solignum kawiri, ndipo kumapeto kumene macheka adutsa muviike m'chitini kwa mphindi zingapo, chifukwa kumeneko ndi kumene thabwa limamwa kwambiri. Paini ndi khungu loyera la bulugamu zimadyedwa msanga. Mtima wa mlombwa umapirira. Mkungudza wa ku Mulanje unatchuka chifukwa chiswe sichiukonda, ndipo kutchuka komweko kwautha m'phiri muja, choncho wobwera nawo usiku musamugule. Oilo wakuda wa galimoto amene ambiri amapaka amachedwetsa chiswe pang'ono pa mitengo ya mpanda, koma salowa m'kati mwa thabwa, amanunkha nthawi yotentha ndipo amakolezera moto. M'denga la nyumba yogonamo sindimulimbikitsa. Mitengo yobiriwirako yothiridwa mankhwala ku fakitale ndi yabwino pomangira, koma zidutswa zake musaphikire kapena kuotcherapo chimanga, utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni.

Nsikidzi ndi nkhani ina, ndipo manyazi ndi amene amazichulukitsa. Sizibwera chifukwa cha uve. Zimabwera ndi chikwama cha mlendo, mwana wochokera ku sukulu yogonera komweko, bedi kapena sofa yogula kwa munthu, nthawi zina zovala za kaunjika. Masikito nawo amanamiziridwa. Nsikidzi zimabisala m'misoko ya neti chifukwa ili pafupi ndi munthu wogona, koma sinazibweretse, ndipo kutaya neti n'kuitana malungo. Zizindikiro zake ndi timadontho takuda ngati inki m'misoko ya matiresi ndi m'malumikizidwe a bedi, makoko ake owala, ndi mazira oyera aang'ono ngati njere ya mchere.

Chimene chimalepheretsa anthu ambiri ndi mazira. Mankhwala opopera sawapha mokwanira, ndipo amaswa pakati pa masiku 6 ndi 10. Mukapopera kamodzi mumagona bwino sabata imodzi, kenako zayambiranso. Bwerezani pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo ngati mpofunika kachitatu. Komanso nsikidzi zambiri masiku ano sizimva mankhwala a m'zitini, choncho kutentha ndiye chida chodalirika. Zimafa ndi mazira omwe pa madigiri 60. Masulani bedi chidutswachidutswa, tulutsani panja, thirani madzi owira m'malumikizidwe onse ndi m'mabowo a misomali. Zofunda ndi makatani ziviikeni m'madzi otentha kwambiri kwa theka la ola, zikauma sitani misoko, n'kuzimanga m'mapepala a pulasitiki mpaka chipinda chitakonzeka. Neti yokha musaiviike m'madzi otentha, mungachotse mankhwala ake a udzudzu: ichapeni ndi madzi ozizira, tsukani misoko ndi burashi, yanikani pamthunzi. Kuyanika matiresi padzuwa kokha sikukwanira, nsikidzi zimangosamukira kunsi kozizira. Matani ming'alu ya pulasitala, sunthani bedi kuti lisagunde khoma, ndipo miyendo yake ikhale m'tizitini tosalala. Kusamuka m'chipinda kuti zife ndi njala sikuthandiza, zimatha miyezi ingapo osadya. M'nyumba za lendi zogundana khoma, gwirizanani ndi aneba ndi alandilodi kuti ntchitoyi ichitike tsiku limodzi, apo ayi muzingopatsirana.

Za mphemvu sinditalikitsa. Zazikulu zofiira zimachokera m'chimbudzi, m'thanki ya zonyansa ndi m'ngalande: ikani chivundikiro pa bowo la chimbudzi, sefa pamwamba pa mpope wotulutsa mpweya, ndipo matani mpata umene mpope wa sinki watulukira m'khoma. Zazing'ono za m'khitchini zimakhala kuseri kwa firiji ndi m'mahinjesi a kabati, ndipo yaikazi imanyamula kathumba ka mazira 30 mpaka 40. Izi zimafa ndi nyambo ya jelo, timadontho ngati njere ya mpunga m'makona obisika. Pamene mwaika nyambo musapoperepo, chifukwa fungo limazithamangitsa zisanadye. Mbale zisagone zosatsuka ndipo sinki igone youma.

Khoswe wamng'ono amalowa pa mpata wokwana chala cha manthu, choncho yambani ndi kutseka: lata pansi pa chitseko, waya wa sefa yolimba pa mabowo a mpweya, matope a simenti pakati pa khoma ndi malata. Dulani nthambi zogunda denga. Makoswe a m'siling'i amatafuna mawaya a magetsi, ndipo mukamva fungo la pulasitiki wopsa kapena magetsi akumangodzizimitsa, itanani wa zamagetsi tsiku lomwelo. Misampha itcherani yambiri nthawi imodzi, m'mphepete mwa khoma, mbali ya nyambo itayang'ana khomalo. Masiku awiri oyamba ikani chiponde kapena usipa osatchera, kuti azolowere, chifukwa khoswe amaopa chinthu chachilendo. Matumba a chimanga akhale pa thandala, otalikira khoma masentimita 30 kuti muzitha kuona kuseri.

Pali mankhwala awiri amene ndikupemphani ndi mtima wonse kuti asalowe m'nyumba mwanu. Oyamba ndi tameki, timibulu takuda togulitsidwa m'timapepala pamsika. Pang'ono chabe timapha mwana, galu, ngakhale mphaka amene wadya khoswe wakufayo. Achiwiri ndi mapilitsi otuwa ofukizira chimanga. Akakhudzana ndi chinyezi cha mumpweya amatulutsa mpweya wa poizoni umene umadutsa m'matumba, pansi pa zitseko ndi pamwamba pa khoma lopanda siling'i, ndipo wapha anthu ali m'tulo. Ena amawaika pansi pa bedi kuti aphe nsikidzi. Musayese. Chimanga chosungira m'nyumba yogonamo chiikeni m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, chitauma bwino. Ngati makoswe achuluka moti pafunika poizoni, gulani wa m'sitolo wooneka ngati timabuloko, amene amapha pakatha masiku atatu mpaka sabata, muike m'kati mwa chidutswa cha mpope kumene mwana ndi nkhuku sangafike, ndipo makoswe akufa muwakwirire mozama.

Munthu akamwa kapena kupuma mankhwala alionse mwa amenewa, mutulutseni pa mpweya wabwino, muvuleni zovala zimene zakhudzidwa, ndipo sambitsani khungu ndi sopo ndi madzi ambiri. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo, chifukwa thandizo la poizoni wa timabuloko ndi losiyana ndi la tameki, ndipo adokotala afunika kuona dzina lake kuti adziwe choyamba kuchita.